Mita imodzi ndi theka ya msewu wa ku Zomba yomwe ndinadya ine

Tsiku lomwe tinkaika gogo wa kuseri kwathu, lole yomwe inabweretsa bokosi kuchokera ku mochale inakakamira pakona pa fensi yanga. Osati fensi ya munthu wina ayi, yanga ine, ya njerwa zootcha, yomwe ndinkanyadira nayo kuti nanenso ndatchinga ngati anthu. Dalaivala anayesa kubwerera mmbuyo, anayesa kukhota, anyamata akukuwa "bwera bwera bwera, imaa!", galasi la mmbali linangotsala pang'ono kutsalira pakhoma, mapeto ake anazimitsa injini nkusuzumira pawindo amvekere akuluakulu, ine ndathera pompano. Amayi a Mvano anatsika mmodzimmodzi nyimbo ili pakamwa, ife amuna bokosi paphewa, kudutsa pakati pa bafa ya wina ndi khola la nkhuku la wina, kudumpha ngalande ya madzi otsukira mbale, mpaka kukafika kusiwa thukuta lili kamukamu.

Tili mnjira choncho mkulu wina wochokera kumudzi kwa gogoyo, wa jekete ndi ndodo, anafunsa mokweza kuti "koma fensi imeneyi njandani?" Ine ndinali pomwepo, phewa langa lili pansi pa bokosi. Ndinangoti zii. Aneba anga anakhosomola.

Nde ndati ndilembe nkhani imeneyi, chifukwa pa Facebook pano tikamakamba za mizinda yathu aliyense amakhala woyera, olakwa amakhala a khonsolo, andale, mafumu, mavenda, koma sindinaonepo munthu akulemba kuti msewu wa kwathu ndinadya ndine. Dera lake sinditchula, Zomba ndi yaying'ono, mungandipeze mawa lomwe.

Poloti ndinagula mu 2012. Amene mwagulapo malo kwa amfumu mukudziwa mmene zimakhalira, palibe saveya, palibe bikoni ija ya simenti yosonyeza malire, amfumu amangoyenda ndi mapazi, nduna yawo ikutsatira mmbuyo ndi khasu kumakhoma zikhomo za nkhadze mmakona. Mwini munda anali mayi wina wachikulire amene ankagulitsa zigawozigawo za munda wa makolo ake kuti alipire fizi ya adzukulu. Kalata inalembedwa pa pepala long'amba mu kope, mboni ziwiri kusaina, chidindo cha amfumu phaa, ine kupereka ya malo kwa mayi aja ndi kangachepe ka amfumu pambali. Ndipo ndiwachitire chilungamo amfumu aja, anandiuza. Analoza ndi ndodo amvekere "mwana wanga, apa mpaka apo usadzamangepo, padzadutsa msewu, galimoto ziwiri zizidzapatukirana." Nthawi imeneyo panali chimanga mbali zonse, msewu wake unali wa mmutu mwa amfumu basi, pansi panali kanjira ka mbuzi.

Patapita zaka zinayi ndikumanga fensi, ndinayang'ana malo aja ali tchire lokhalokha, ndinayang'ana aneba a kutsidya ataika kale khonde lawo lotulukira kunjirako, mmisiri wanga nkundifunsa kuti "bwana chingwe ndikoke pati?" Ndinasuntha chikhomo. Mita imodzi ndi theka, ndikukumbukira bwinobwino chifukwa tepi ndinagwira ndekha. Mumtima ndinkati aaa kameneka nkachani, msewu ukadali waukulu. Aneba a kumunsi ataona ine ndatero naonso anasuntha, wina anakumba chimbudzi, wina anabzala nthochi, wina kagolosale. Msewu wa galimoto ziwiri uja lero njinga ya kabaza ikamabwera woyenda pansi amayamba waima kaye chammbali.

Kuti mumvetse Zomba muyambe mwakwera ku Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba nkuyang'ana pansi. Mbali yokhala pamtsetse wa phiri ija mumaona mitengo yokhayokha, madenga apo ndi apo, misewu yokhotakhota koma yoti inaganiziridwa, uko nde kwa azungu kale. Zomba inakhala likulu kuyambira 1891 nthawi ya Harry Johnston, ndipo tauni inakonzedwera abwana ochepa a boma, nyumba zawo kumtunda kozizira kopanda udzudzu wambiri, kalabu yawo ya Gymkhana ndi bwalo la gofu pakatikati, amwenye ndi masitolo awo cha kumsika, asilikali ku kampu kwawo, akaidi ku ndende kwawo. Munthu wakuda wophika, wolima maluwa, mesenjala, ameneyo ankayenera kudzionera yekha pogona kunja kwa mzere, mmidzi ya mafumu yozungulira tauni. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka nthawi ya matipate, kenako naonso anapita, koma kamangidwe kaja kanatsala momwemo. Kumtunda kuli pulani, kumunsi kuli ife.

Ndipo malo abwino a mkati mwa tauni ambiri ali ndi eni ake kale, eni ake oti sungakangane nawo. Kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks, ndende yaikulu, koleji ya apolisi, nyumba ya boma, chipatala chachikulu, chipatala cha amisala, yunivesite ya Chanco yomwe inabwera ku Chirunga mu 1973, nkhalango ya mphiri, minda ya maluwa ija ya mmbali mwa Mulunguzi. Mukachotsa zonsezi mutsala ndi kachigawo kochepa, nde anthu opitirira 105,000 omwe anawerengedwa mu kalembera wa 2018 mukuti akhale pati? Akukhala ku Chinamwali, ku Chikanda, ku Sadzi, ku Mpondabwino, ku Matawale, ku Thiri Mailosi, ndipo ambiri mwa iwo malo anawapeza momwe ndinapezera ine, kope ndi chidindo.

Chodabwitsa nchakuti pa lamulo amfumu aja samayenera nkomwe kundigawira malo. Lamulo la mafumu lakalekale lija la 1967 limati mfumu ilibe mphamvu mkati mwa mzinda pokhapokha khonsolo italola, ndipo Zomba inakwezedwa kukhala mzinda mu 2008 nthawi ya Bingu. Koma mudzi unalipo mzinda usanabwere, malire a mzinda ndi amene anaupeza mudziwo, anthu anangodzuka tsiku lina nkumva kuti pano ndinu a mutauni, munda wa agogo anu uja tsopano ndi nkhani ya ma ofesi. Maliro akagwa sitithamangira ku ofesi ina iliyonse, timathamangira kwa amfumu, ndi amene amauza adzukulu kuti akumbe pati. Mbuzi ikadya chimanga cha wina, kwa amfumu. Mwamuna akamenya mkazi usiku, kwa amfumu. Nde munthu amene amakupatsa malo ogona ukafa, ungamukanize bwanji kukupatsa malo ogona uli moyo? Mmutu mwa anthu zimenezo sizimveka, ndipo olo mmutu mwanga sizinkamveka.

China chomwe achinyamata ambiri sakudziwa, chaka chomwe ndinkagula poloti ine mdziko muno munalibe khansala ndi mmodzi yemwe. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo zisankho zina zinangokhala zikusunthidwa mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi mizinda ikuyendetsedwa ndi ma ofesala osankhidwa ku likulu, popanda munthu wa mdera woti ungamugogodere pakhomo. Ndipo zaka zimenezo ndi zomwe minda yambiri yozungulira Zomba inasanduka mapoloti. Makhansala pobwera anapeza nyumba zili kale mbwee, msewu wadyedwa kale, chimbudzi chili kale mmphepete mwa mtsinje. Pulani kwathu kuno imabwera mmbuyo mwa nyumba ngati mlendo wofika nsima itatha.

Ndinayesapo kuchita zinthu mwa dongosolo, musandione chonchi. Lamulo la mapulani a malo la 2016 litabwera ndinamva pa wailesi kuti munthu asamange popanda chilolezo, nde ndinati ndikalembetse malo anga ndipeze lizi, mwina tsiku lina nkukatengera ngongole ku banki. Ndinapita ku ofesi ina, anandiuza kuti dera lanulo si lathu, pitani uko. Uko anati bweretsani mapu a saveya. Saveya ananditchulira mtengo woti ndinachita kukhala kaye pansi, unali pafupifupi theka la ndalama yomwe ndinagulira malowo. Ndinabwerera ku ofesi yoyamba ija, munthu wake anali ku semina ku nyanja, sabata yotsatira anali ku maliro, yotsatirayo fayilo sinkaoneka. Ndinangosiya. Kalata ya mu kope ija ili mu sutikesi pansi pa bedi limodzi ndi satifiketi ya ukwati, ndipo ndikakuuzani kuti pa mzere wathu wonse palibe amene ali ndi pepala loposa limeneli musadabwe.

Kenako tsiku lina kunabwera anyamata awiri ndi chitini cha penti wofiira. Anayenda mzere wonse kumalemba ma X pa makoma, pa fensi yanga pakona paja analemba chi X chachikulu ngati cha pa mayeso a masamu. Mayi a kunyumba anandiimbira ndili kuntchito mawu akunjenjemera, "abambo bwerani, akuti agumula." Usiku umenewo sitinagone. Mmawa aneba anga a kutsidya aja, amene anakhala mtauni muno nthawi yaitali kuposa ine, anandipeza ndikuyang'ana chi X chija amvekere "achimwene, chaka chamawa nchachisankho, gonani tulo." Ndipo zoona, palibe anabweranso. X uja anadyedwa ndi mvula pang'onopang'ono, mpaka anangotsala kamzere kofiirira koti mlendo sakanadziwa kuti nchiyani.

Apa nde pamene pali ndale zenizeni za mtauni yaying'ono, osati zija za pa msonkhano waukulu zovina amayi. Zomba ili ndi mawodi khumi okha, khansala wathu timakumana naye ku chigayo, ku tchalitchi, pa depoti. Amene angamugumulire fensi ndi amene anamuvotera, kapena mlamu wake wa amene anamuvotera, ndipo mavoti a wodi ndi ochepa moti mabanja makumi awiri akakwiya basi mpando wapita. Meya naye amasankhidwa ndi makhansala anzake omwewo kwa zaka ziwiri ndi theka, nde ayambe kukangana ndi ndani? Ifenso anthu khansala sitimuyesa ndi ngalande kapena mapu ayi, timamuyesa ndi maliro. Anabwera? Anapereka thumba la ufa? Anathandiza bokosi? Pa maliro a gogo aja khansala analipo, anakhala pampando wa kutsogolo, analankhula bwino kwambiri za chitukuko, ndipo lole itakakamira paja iyenso anatsika nkuyenda wapansi ngati tonsefe, osanenapo kanthu za msewu. Sindikumunyoza, olo ndikanakhala ine ndikanatani, pamaliro nkuyamba kuloza fensi ya munthu?

Ndalamanso zake zili kwina. Thumba la chitukuko la CDF linafika K200 miliyoni pa dera la phungu mu 2024, ndipo kwa zaka zambiri amene ankaoneka mwini wake ndi phungu, osati khansala, moti khansala ankangokhala ngati mwana wamasiye pa ukwati. Aphungu anapatsidwanso mphamvu yovota mmakhonsolo mu 2010. Mu 2025 khoti linagamula kuti zimenezi nzosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, phungu ntchito yake ndi ku nyumba ya malamulo, ndipo ine ndinaomba mmanja tsiku limenelo. Koma ndikaganiza bwino, kaya ndalamayo agwire phungu kaya khansala, onse amakonda chinthu choti nkujambulitsapo chithunzi, mjigo, kamlatho, buloko ya sukulu yopaka penti wa mtundu wa chipani. Kulipira saveya kuti ayeze dera lonse nkukhoma mabikoni anthu asanamange, zimenezo sizioneka pa chithunzi, palibe amene angavine chifukwa cha bikoni. Chomwe timaona ife ndi giredala yobwera miyezi iwiri chisankho chisanachitike, kupalapasa fumbi pomwe ingathe kulowa, kwathu kuno imathera pa kona ya fensi yanga pomwe panathera lole paja.

Pitani ku Chikanda mukaone mmene ndalama imamangira tauni pamene pulani yagona. Ana a pa Chanco ndi ochuluka kuposa malo ogona a pasukulupo, nde aliyense wokhala ndi kamalo pafupi anasanduka landilodi. Khitchini inasanduka chipinda, khola linasanduka chipinda, pabwalo pomwe ana ankasewera phada pali mzere wa zipinda zisanu ndi chimodzi, mabedi osanjikiza, chimbudzi chimodzi kuseri. Msuweni wanga ali ndi zipinda zoterozo ndipo ndi zomwe zaphunzitsa ana ake, nde sindingaime pano nkumati nzoipa. Koma madzi a mmabafa onsewo amapita kuti, zinyalala zimapita kuti, moto utabuka usiku galimoto yozimitsa moto ingalowere pati, mafunso amenewa aliyense amawadziwa ndipo aliyense amayang'ana kumbali. Mavenda naonso chimodzimodzi, Bingu anawachotsa mmisewu mu 2006 pa Operation Dongosolo, tauni inayera kwa kanthawi, lero pitani madzulo cha ku depoti mukaone ngati mungaponde pansi osaponda tomato.

Za mtsinje wa Likangala ndilankhule motsitsa mawu chifukwa mchenga womangira nyumba yanga unachokera momwemo. Matani angapo, anyamata akukumba mmphepete mpaka gombe kugwa, ine kulipira mosangalala kuti ndapeza wotchipa. Njerwa ndinaumba pa poloti pompo, dzenje lake linakhala dziwe la udzudzu zaka ziwiri, nkhuni zootchera uvuni sindinafunse kuti zachokera kuti ngakhale ndinkadziwa kuti mitengo ikuluikulu choncho siimera kumunda kwa munthu. Tonse tinamanga choncho. Kenako mvula ikagwa yamphamvu madzi amatsika mphiri opanda chowagwira, amapeza ngalande tinatseka ndi mafensi, amalowa mnyumba za anthu a kumunsi, nkupitirira ndi zonyansa zathu zonse mpaka ku nyanja ya Chilwa komwe timagulako matemba omwe tikudyawa. Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, tikumva za ku Chilobwe ndi Soche ku Blantyre komwe matope anakwirira anthu mnyumba zawo, ine usiku wonse ndinali ndi tochi panja kuyang'ana madzi akuwunjikana kuseri kwa fensi yanga ngati damu. Cha mma 2 koloko ndinatenga hamala nkuboola pansi pa khoma kuti madzi adutse. Anadutsadi, nkukalowa mkhitchini mwa aneba a kumunsi. Mpaka lero nkhani imeneyi sitinaikambe, timangopatsana moni.

Sikuti zonse nzokanika ayi. Phiri la Sadzi linali litametedwa mpala, miyala ikugubuduka, madzi akuvutitsa okhala mmunsi, anthu a komweko anagwirizana kuti basi pasapezeke wolima kapena kudula mtengo mphirimo, ndipo lero mukadutsa mukuona lokha kuti labiriwira. Chomwe ndinaphunzirapo ine nchakuti zinatheka chifukwa phirilo silinali khonde la munthu. Msewu wa kwathu nde ndi wovuta chifukwa mita iliyonse ili ndi mwini wake amene umamudziwa dzina, ndipo unadyako nsima kwawo.

Maliro a gogo aja atatha amfumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Amfumu ake si aja anandigawira malo, aja anatisiya, pano ndi mphwawo, wachinyamata ndithu, ali ndi WhatsApp. Anati "abale anga, zomwe zinachitika dzana zija zatichititsa manyazi pamaso pa alendo, lero ndi maliro, mawa ndi mayi woyembekezera ambulansi ikulephera kumufikira." Aliyense anavomera, eee zoona amfumu, msewu ukuzidwe, ena mpaka kuomba mmanja. Khansala anati iye ali pambuyo pathu. Kenako mnyamata wina amene anaphunzira za zomangamanga ku koleji ya ntchito zamanja ya Nasawa anatulutsa tepi mthumba nkunena kuti tiyeni tiyambe pompano kuyeza. Pamenepo nde panaoneka zoona zake. Wina akuti khonde langa ndinalipeza lili chomwecho, wina akuti ayambe ndi a kutsidya chifukwa ndi amene anayamba, mayi wina akuti chimbudzi changa mukagumula mundikumbira china ndinu, bambo wa golosale anangonyamuka amvekere ndasiya mwana yekha pa kauntala. Khansala foni yake inalira, anapita kukayankhira kuseri kwa mtengo ndipo sitinamuonenso.

Ine ndinakhala chete mpaka amfumu ananditchula. "Nanga inu akulu a pakona, mukutipo chani?" Anthu onse maso kwa ine. Ndinkafuna kunena za mtengo wa simenti, ndinkafuna kunena kuti ayambe aneba, koma mkulu wa jekete uja ankangondibwerera mmutu ndi funso lake lija, nde ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu oti Loweruka ndigumula. Mayi a kunyumba anandiyang'ana diso lina lake lomwe okwatira okha angalimvetse.

Loweruka ndinagumuladi, kona yokhayo ndi mbali yoyang'ana kumsewu, ine ndi anyamata awiri. Njerwa zambiri zinasweka, matumba a simenti omwe analowa pomanganso khoma mkati sindikufuna nkuwakumbukira komwe, ndalama yake inali ya fizi ya teremu yachitatu ndipo ndinachita kukakongola ku banki mkhonde kudzera kwa mayi a kunyumba omwewo, amene mpaka pano akafuna kundigonjetsa pa mkangano uliwonse amangoti "paja inu ndi a chitukuko." Chikhomo cha nkhadze chija tinachipeza, chitsa chake chinali chikadali pansi pomwe nduna ya amfumu inakhoma mu 2012. Pa mzere wonse amene anatsatira ndi munthu mmodzi, anadula nthochi zake. Khonde la aneba lili pomwepo, chimbudzi chili pomwepo, tepi ija mnyamata anabwerera nayo kwawo.

Malo ndinasiya aja anakhala opanda kanthu masabata atatu. Sabata yachinayi ndikuchokera kuntchito ndinapeza pali kabenchi ka nsungwi, pamwamba tomato, anyezi, timapaketi ta makala ndi mafuta oyezera mtimachubu, kumbuyo kwake kwakhala mphwake wa aneba anga a kutsidya aja. Anandilonjera mwaulemu kwambiri, "mwaswera bwanji ankolo, apa panangokhala nde ndati ndiziyikapo kaye timatimatiti." Pano waika kale denga la pulasitiki ndi mitengo inayi yokumbira pansi. Dzulo mayi a kunyumba anandituma anyezi, ndinakagula pompo, anandiikira ka pulaizi kamodzi.